Manambala a mu Mpendero wa Azakhali

Makina osokera a azakhali anga anapita pa zikwi mazana anayi, mtengo umene wogulayo anautchula akuyang'ana kumbali, poti naye ankadziwa kuti akuwadyera masuku pamutu. Makinawo anawadyetsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pakhonde la sitolo ya nsapato, pomwe aliyense ankangowatchula kuti Atelala. Anawagulitsa chifukwa mpingo unalengeza ulendo wa masabata atatu wokatumikira kunja, kunyumba yosamalira okalamba, ndipo wopita aliyense ankayenera kudzilipirira theka la tikiti. Azakhali anali asanatulukepo m'dziko. Anati Mulungu wawasunga nthawi yaitali, tsopano nawonso akasambitse mapazi a wina.

Anapita anthu khumi ndi awiri. Atangofika, mkulu wa nyumbayo, bambo wansangala wovala malaya oyera osakwinyika, anawalandira ndi tiyi, kenaka anatulutsa bokosi. Womasulira anafotokoza kuti ziphaso zonse zilowe m'bokosimo kuopa akuba. Abusa athu anawonjezerapo zawo: mafoninso alowe, kuti masabata atatuwo mitima iyang'ane kumwamba kokha. Onse anati ameni. Bokosi linalowa m'kabati ya mu ofesi, kiyi n'kulowa m'thumba la mkuluyo. Mpaka lero sindimvetsa kuti anthu aakulu misinkhu khumi ndi awiri anaperekeranji njira yawo yobwererera kwawo kwa munthu amene anamudziwa kwa ola limodzi.

Tsiku lililonse linkayamba ndi mapemphero m'chipinda chodyera. Ankakhala mozungulira, mkulu wa nyumba ali nawo limodzi, womasulira ali pakhutu pake kumunong'oneza liwu lililonse. Mwambo wa mpingo wathu ngwakuti pa bwalo lotere aliyense amatula zimene zikumulemera mumtima kuti anzake amupempherere. Wokhala chete amayesedwa wosunga tchimo. Akatha mapemphero, ena ankapita kukadyetsa okalamba, ena kukawameta, azibambo kukapaka utoto pakhoma. Azakhali anawatumiza pansi, kuchipinda chochapira, kukasoka mabatani ndi zigamba.

Kumeneko anapezako mtsikana wa msinkhu wanga, wowonda, manja ali zipsera za simbi zokhazokha. Chilankhulo chake sichinali cha dzikolo, ngakhale cha kwathu. Ankachapa, kusita ndi kupinda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, makina akulira ngati chigayo. Azakhali ankamutcha mwanawe, iye n'kumaseka chakumbali. Ankamubweretsera theka la buledi wawo, chifukwa sanamuonepo akukwera kukadya ndi anzake, ndiponso sanamuonepo pachipata.

Kuseri kwa makina kunali kachipinda kokhala ndi matiresi ndi chidebe. Telala sangadutse msoko wosokedwa motembenuza osauona. Azakhali anaona kuti mpiringidzo wa chitseko chimenecho unali kunja.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mtsikanayo anatseka chitseko cha kumasitepe. Analoza kudenga, kumene kunali ofesi. Anapanga kabuku ndi manja ake, anakatsegula, analoza nkhope yake, kenaka anapotoza dzanja ngati akukiya kabati. Analoza chaka pakalendala n'kutukula zala zinayi. Atatero anaviika chala m'madzi n'kulemba manambala patebulo lachitsulo. Manambalawo ankauma asanathe kuwerengedwa. Azakhali analibe cholembera, analibe foni. Anatenga ulusi wofiira, anapinda siketi yawo, n'kuyamba kusoka nambala imodziimodzi m'kati mwa mpendero, mtsikanayo akulembanso ikauma. Atamaliza, mtsikanayo anaika dzanja pakhutu ngati foni n'kutchula liwu limodzi limene khutu la mayi aliyense limalimva popanda womasulira. Kenaka anaika chala pamilomo.

Azakhali anasunga chinsinsicho masiku atatu. Anayesa kuuzako amayi a kwaya amene ankagona nawo chipinda chimodzi.

"Atelala, inu mwabwera kudzasoka mabatani kapena kudzakhala apolisi?" anawayankha motero akupaka mafuta kumapazi. "Tisiyeni tibwerere ndi mano athu onse, chonde."

M'mawa wachinayi, mapemphero atafika pa iwo, azakhali anaweramanso.

"Mayi, masiku atatu tsopano muli duu," anatero Abusa pamaso pa onse. "Nkhope yanu ikuonetsa kuti mwanyamula mwala. Mdyerekezi amakonda mtima wotseka. Pano tili abale okhaokha, tulani."

Kwa zaka makumi asanu azakhali anaphunzitsidwa kuti zonenedwa maso ali chitsinzire zimapita kwa Mulungu. Anatsinzina.

"Abale, ndipempherereni mwana wapansi uja. Chiphaso chake chituluke m'kabati, chitseko chake chitseguke, akaone amayi ake."

Asanamalize anamva kunong'ona kwa womasulira. Anatsegula maso. Mkulu wa nyumba anali kuwayang'ana, akumwetulira monga mwa masiku onse, ndipo ameni wake ndiye anamveka kuposa wa onse.

Atatsikira pansi anapeza makina akuzungulira okha. Simbi inali yogona pansalu yoyala pabedi, utsi uli tolotolo. M'kachipinda muja matiresi anali atapindidwa. Masana kunabwera mayi wina wonenepa amene sanawayang'ane n'komwe.

Azakhali anakwera ku ofesi. Mkuluyo anawapatsa mpando. Kudzera mwa womasulira anati mtsikanayo wasamutsidwira kunyumba yawo ina, kumene ntchito yachuluka. Kenaka anagogoda kabati ndi chala n'kunena kuti asade nkhawa, chiphaso chawo chili bwinobwino, wachiona m'mawa womwewo, ndipo chithunzi chawo n'chokongola.

Anathamangira kwa Abusa.

"Abusa, mwana uja amuchotsa chifukwa cha pakamwa panga. Tiyeni tikanene kwinakwake."

"Tikanene kuti, mayi? M'chilankhulo chanji? Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ubale wathu ndi nyumba ino tinaupempherera zaka zisanu, musatichititse manyazi. Mwina simunamve bwino, pajatu mumalankhulana ndi manja."

Anatsala masiku asanu ndi atatu, ndipo onsewo azakhali anavala siketi imodzi. Sanalole kuti ilowe m'makina. Ankaichapa okha m'sinki n'kuivala isanaumitsitse. Amayi a kwaya anayamba kuwaseka: "Kodi siketi imeneyi munalumbira nayo ukwati?" Pansi paja ankakhala moyang'ana kumasitepe, ndipo phazi likamveka singano inkawabaya chala. Ankadyabe pagome limodzi ndi mkuluyo, ankaimbabe naye nyimbo. Iye ankawathirira tiyi yekha, kuwadumpha ena onse, ndipo tiyi ameneyo azakhali ankangomunyowetsa milomo.

Tsiku lonyamuka bokosi linatuluka. Mkuluyo ankaitana dzina limodzilimodzi. Anthu khumi ndi mmodzi analandira zawo n'kukakwera basi. Chiphaso cha azakhali sichinaoneke. Anafufuza m'bokosi, anatsegula madirowa, anadzisisita m'matumba mosafulumira, basi ikulira panja. Azakhali akuti anamva mpendero uja ukuwaotcha m'miyendo ngati khala. Patapita nthawi mkuluyo anachitulutsa m'thumba la malaya ake oyera. Asanachisiye ananena mawu angapo motsitsa. Womasulira anayang'ana pansi, sanawamasulire.

Lamulungu lotsatira atabwerera, onse khumi ndi awiri anaimikidwa kutsogolo kwa mpingo. Zithunzi zinaonetsedwa: okalamba ometedwa, khoma lopakidwa utoto, mkulu wa nyumba atakumbatira Abusa. Aliyense anafunsidwa chimene Mulungu anamuphunzitsa. Ena anati kudzichepetsa, ena anati kuyamika. Azakhali anagwira chokuzira mawu ndi manja onse awiri.

"Ine ndinaphunzira kuti Mulungu amamva ngakhale ndili chete. Amene amafuna kuti ndilankhule mokweza ndi anthu."

Anthu anaomba m'manja osadziwa chimene akuombera. Mu lipoti la ulendowo, masamba asanu ndi limodzi, mulibe mzere ngakhale umodzi wonena za chipinda chochapira. Ndaliwerenga katatu.

Masana a tsiku lomwelo tinasomola mpendero uja ndi lezala, ine ndi iwo, n'kuimba nambala ija pafoni. Anayankha mayi wachikulire m'chilankhulo chimene tonse sitichidziwa. Azakhali anati, "Mayi, mwana wanu ndinamuona," koma sakanatha kunena kuti ali kuti, ngakhale kuti ali moyo. Kumbali inayo mayiyo anayamba kubwereza liwu limodzi, mofunsa, mokweza, mpaka mayunitsi anatithera. Tikuganiza kuti limenelo ndi dzina la mtsikanayo.

Ndalembera Abusa makalata atatu kupempha adiresi yonse ya nyumbayo ndi njira yopezera womasulira uja. Yankho lawo n'lakuti nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu, ndipo gulu lachiwiri likusonkhanitsidwa kale kuti lipite chaka chamawa.

Azakhali anabwerera pakhonde lawo lija. Amasoka pamanja, zigamba ndi mabatani, ndipo akamva kiyi ikulira m'thumba la munthu wodutsa amasiya singano. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi amaimba nambala ija. Mayi wachikulireyo amayankha foni isanalire kawiri. Amatchula dzina lija, azakhali amalibwereza, kenaka onse awiri amangomverana mpweya. Ndajambula mawu ake ndipo ndamvetsera anthu asanu ndi atatu oyendayenda, koma sindinapezebe wodziwa chilankhulocho. Siketi ili pamsomali kuseri kwa chitseko, mpendero uli chisomolere. Azakhali akuti sausoka mpaka atapezeka munthu womuuza mayi uja zimene anaona.