Njanji ya m'chigafa cha a Jere

Ndikati ndiwakumbukire agogo anga aamuna, nkhope yawo imachedwa kubwera. Chimene chimayamba kundipeza ndi fungo la chitini chowauka pamakala, losakanikirana ndi la fodya wa chaka chatha amene anakanirira m'mitengo ya chigafa cha a Jere, kumudzi kwathu kufupi ndi Kachebere. Kenako ndimamva kanyundo kakulira pang'onopang'ono, nkhuku zikupalasa kuseri, ndi kutsokomola kwa amuna atatu okalamba atawerama pathebulo lalitali lolumikiza zitseko zakale, akumanga njanji imene sitima yake mukanatha kuinyamula ndi dzanja limodzi. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Agogo, a Mbewe, anagwira ntchito ya njanji mpaka msana unapindika. Anali kapitawo wa gengi yoyala ndi kukonza njanji, ndipo chala chawo chachikulu cha kumanja chinali chophwatalala chifukwa nyundo inachipeza kangapo. Masiku amenewo njanji yeniyeni inkangothera patchire chakuboda uku. Yopita ku Chipata tinkangoimvera pawailesi, chaka chino, chaka chamawa, mpaka agogo anapuma ntchito akudikirabe. Mnzawo a Tembo, wa ku Zambia koma wokwatira kwathu kuno, nawonso anakalamba akudikira tsidya linalo. Ndiye tsiku lina anangoti, ngati akuluakulu zawakanika, tiimanga tokha. A Jere, amene kale ankawotcherera ndowa pamsika, anapereka chigafa chawo, kalabu n'kubadwa. Anthu ake atatu basi, koma panali wapampando, mlembi, ndi msungichuma amene chuma chake chinali misomali ya m'chitini.

Loweruka lililonse, dzuwa likangokwera pang'ono, a Jere ankaimba wenzulo ngati sitima ikunyamuka, ngakhale onse anali atafika kale. Ankayamba ndi pemphero, kenako aliyense pamalo pake. Njanji inali ya waya wa mpanda amene ankauwongola pamwala mpaka manja kuchita matuza, woti adzaugoneke pa timitengo ta nsungwi todula mofanana. Phiri la Kachebere analiumba ndi dothi la pachulu, udzu unali utuchi woviika mu utoto, mabogi anali zitini za nsomba. Timiyala tothira pansi pa njanji ankatisinja mumtondo wa amayi anga, ndipo tsiku limene amayi anazindikira, mudzi wonse unamva.

"Bambo, anzanu ali kudimba, inu muli pa zitini. Simutopa kodi?"

"Kutopa ndinatopa kale, mwana wanga," agogo anayankha choncho. "Izi n'zopumira."

Amayi anangopukusa mutu, n'kukabisa mtondo wawo kuchipinda.

Chaka chimenecho maso a agogo anayamba kuchita ng'ala. Woyamba kudziwa ndinali ine, chifukwa ndinawaona akuthira tiyi pambali pa kapu, iwo n'kumamwetulira ngati zonse zili bwino. Kutchalitchi ankatsegula buku la nyimbo koma ankaimba za pamtima. Tsiku lina tikuchokera kumeneko anandigwira paphewa n'kundiimitsa pansi pa mtengo wa mango.

"Mkazi wanga," anatero, poti ankandiitana choncho mwanthabwala monga amachitira agogo ndi adzukulu awo, "zimene waonazo zithere m'mimba mwako. Usawauze amako, usawauze a Jere, makamaka Tembo uja."

"Chifukwa chiyani, agogo?"

"Akadziwa andichotsa panjanji. Andipatsa zosefa mchenga. Ine ndine wa njanji, iwe. Akandichotsapo ndatsala ndi chiyani? Mpando wa pakhonde?"

Ndinalonjeza. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkapita nawo kuchigafa, dzanja lawo lili paphewa langa, iwo akuuza aliyense wokumana naye kuti akuyenda ndi mkazi wawo wamng'ono kuopa kuti anyamata angamube. Anthu ankaseka. Ine ndinkangowerenga zitsa ndi maenje, n'kumakhotetsa phewa kuti adziwe popondera. Kunena zoona sindinkakonda. Anzanga anali ku fulaye, ine ndili pa njerwa m'chigafa, utsi wa makala ukundilowa m'maso.

Chakumapeto kwa Ogasiti a Jere anabwera ndi uthenga. Mkamwini wawo anali atalima fodya wambiri, ndipo chigafa anachitenga iyeyo. Fodya akangoyamba kuthyoledwa mu Januwale, thebulo lituluke, ndipo silidzabwereranso. Panalibe kwina kolisunga. Njanji inali isanayalidwe n'komwe, panali phiri, mlatho ndi masiteshoni awiri okha. Agogo anati sitima iwoloke boda kamodzi kokha, zikatero fodya alowe.

Anagwirizana kuchita monga zinkachitikira pantchito yeniyeni. Magengi awiri, ina iyambire uku, ina uko, akakumane pakati. Agogo anayambira pasiteshoni ya Mchinji, a Tembo pa ya Chipata, pokumana pake paboda, pomwe a Jere anali ataikapo kale kanyumba ka bokosi la machesi ndi kamtengo kotsekera msewu. A Jere anadula timiyezo tiwiri ta nsungwi tofanana ndendende, kalikonse kokhala ndi mizere iwiri yocheka ndi lumo, yosonyeza kutalikirana kwa mawaya awiri a njanji. Ndipo panali malamulo awiri amene anthu a njanji okha angawamvetse. Kapitawo sayendera gengi ya mnzake, ndi chipongwe. Komanso gudumu silikhudza njanji imene sinathe. Choncho injini imene a Jere ankapanga ndi mota ya wailesi ya kaseti inkakhala kunyumba kwawo, yokulungidwa m'nsalu, kudikira tsiku lake.

Apa ndi pamene panagona vuto. Mizere ya pakamuyezo agogo sankaiona, ndipo zala zawo zokakala sizinkaimva. Ankakatulutsa m'thumba, n'kukagoneka pathebulo kuti anzawo aone, koma poyeza ankalowetsa chala chawo chachikulu pakati pa mawaya, n'kukhoma. Chala, kukhoma. Chala, kukhoma. Ntchito yake inali yosalala, yowongoka, yokongola zedi. Koma chala chija chinali chachikulu kuposa muyezo ndi kamtengo ka machesi.

Ndinazindikira Loweruka lachitatu, akuluakulu atatuluka kukamwa tiyi. Ndinatenga kamuyezo n'kukaika panjanji ya agogo, ndipo mzere umodzi unagwa mkati. Pobwerera kunyumba ndinayesa kunena.

"Agogo, njanji yanu ija yatakasuka pang'ono. Kamuyezo sikakukwanira."

Dzanja linalimba paphewa langa. "Iwe unagwirako ntchito ya njanji liti?"

"Sindinagwireko, koma ndinayesa ndi..."

"Zaka zonse zija palibe sitima inagwapo pagengi yanga. Lero ndiphunzitsidwe ndi mwana wa sitandade faifi? Ukhale chete."

Ndinakhaladi chete. Ndinkawaopa, ndinkawamveranso chisoni, ndipo mumtima ndinkati mwina sitima ya zitini silabadira kamtengo ka machesi.

Miyezi ija inali yotopetsa, abale inu. Mu Okutobala chigafa chinkatentha ngati uvuni, thukuta la agogo likudonthera pansungwi. Chiswe chinadya mwendo umodzi wa mlatho, a Jere n'kuumanganso. Mvula itayamba denga linadontha pamwamba penipeni pa phiri, Kachebere n'kusungunuka mbali imodzi. A Tembo ankafika atanyowa, matope mpaka m'mawondo, akukankha njinga yophulika tayala, n'kungoti, "Manje tiyambe, mudala, nthawi siili na ise." Agogo akawerama ola limodzi ankalephera kuweramuka, ndipo ndinkachita kuwakoka. Nthabwala zinachepa. Pena tsiku lonse linkatha osamva mawu, koma kanyundo kokha. Ndipo Loweruka lililonse njanji yolakwika ija inkatalika ndi chikhato chimodzi, ine ndikuona.

Tsiku lolumikiza linafika mikangala yopachikira fodya itaunjikidwa kale pakhomo la chigafa. Anthu anabwera, ngakhale aja ankanyoza. Amayi anabwera atamanga chitenje chatsopano, ati angodutsa. A Jere anavala jekete, injini ili m'manja ngati khanda lopita ku ubatizo. Agogo anavala chipewa chawo cha kuntchito.

A Tembo anagoneka waya womaliza paboda, n'kuima. Anawerama, anayang'anitsitsa, anapukuta magalasi, n'kuweramanso. Mawaya a ku Chipata sanakumane ndi a ku Mchinji. Waya umodzi unagunda bwino, winawo unadutsa pambali.

"A Mbewe," anatero motsitsa mawu, "pali kavuto apa."

"Vuto la chiyani?"

"Siikumana."

"Ndiye mwapanikiza inuyo. Ntchito za ku Zambia timazidziwa."

A Tembo anakwiya. "Ine napima na muyezo, sitepu iliyonse! Bweretsani wanu tione."

Agogo sanautulutse. Anayamba kukweza mawu, a Tembo nawonso, za zaka makumi angati pantchito, za ndani anaphunzitsa ndani. Anthu anayamba kunong'onezana. A Jere, pofuna kuzimitsa moto, anatenga kamuyezo ka a Tembo n'kundiyang'ana ine.

"Tonse pano maso ndi akale. Iwe mwana, ako ndi atsopano. Tayeza uku ndi uku, utiuze."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinayeza kwa a Tembo, mizere inagwa pamawaya ndendende. Ndinayeza kwa agogo, paboda, pamlatho, patsinde pa phiri, mpaka pasiteshoni ya Mchinji, ndikuyembekeza kuti penapake pakwanira. Panalibe. Agogo anali atatembenukira kumene ndinali, koma maso awo ankayang'ana pambali panga pang'ono, ndipo ndikhulupirira kuti ndi pamene a Tembo anazindikira, chifukwa anavula chipewa.

"Tanena, mwana," anatero a Jere.

"Yotakasuka ndi ya agogo," ndinatero. "Yonse."

Agogo anapapasa thebulo, anapeza njanji yawo, n'kuyendetsa chala chija pakati pa mawaya kuchokera paboda mpaka pamene dzanja linafika. Kenako anati, "Yawongoka koma." Anatuluka okha, anagunda mulu wa mikangala, n'kupitirira. Nditathamanga kuti ndiwagwire anandikankha. Anayenda okha mpaka kunyumba, akuphonya njira, akuponda m'mizere ya mtedza wa eni ake, ine ndi amayi tikutsatira kumbuyo, amayi akulira mosatulutsa mawu chifukwa anali atangodziwa kumene za maso a agogo.

Kuzula njanji yonse ndi kuyalanso kunkafuna miyezi, ndipo fodya anali atapsa m'munda. Ndinamva kuti madzulo ake a Jere anaiyendetsabe injini ija. Inanyamuka bwinobwino ku Chipata, n'kudzaima paboda, a Tembo ataitchinga ndi dzanja kuti isagwe. Lolemba fodya analowa. Zitseko anazitsamiritsa kuseri kwa chigafa, ndipo mvula ya Febuluwale inamaliza zotsala.

A Tembo anabwera kwathu Loweruka zingapo, n'kumakhala ndi agogo pakhonde. Ankakamba za mvula, za mitengo ya feteleza, za maliro. Za njanji ayi. Amayi anawatengera agogo kuchipatala, diso limodzi linawalako pang'ono, koma kanyundo sanakagwirenso. Ine sanandikalipire, komanso kwa nthawi yaitali sananditchule dzina lanthabwala lija. Ankangoti "iwe mwana".

Patapita zaka zitatu, atadwala matenda awo omaliza, ndinkawamwetsa phala masana ena pakhonde pomwepo. Anakankha supuni n'kuti, "Ukanandiuza tili awiri."

Zinandipweteka. "Ndinakuuzanitu, agogo. Munandikalipira."

"Unandiuza kamodzi," anatero. "Munthu wouma mutu ngati ine, kamodzi? Ukanandiuza mawa lake, ndi mkuja. Ndikanakukalipira, ndikanakukalipiranso, kenako ndikanamva. Tikanazula chikhato chimodzi chokha."

Ndinali mwana, inde, ndipo ndakhala ndikudziuza zimenezo zaka zonsezi, koma sizinandipepukitse.

Pano amayi anga ndi amene akalamba. Amakhala okha kumudzi, ndipo ayamba kuiwala. Amasiya mbaula ikuyaka m'nyumba, amamwa mankhwala a m'mawa kawiri. Ndikawauza kuti abwere tidzakhale limodzi kuboma, amandinena kuti ndine mwana wachipongwe, wofuna kuwalanda nyumba, ndipo amanditembenuzira msana. Ndimabwerera pakabaza mutu ukuwawa, ndikulumbira kuti basi ndatopa, achite zimene akufuna. Dzulo anandithamangitsa ndisanamwe n'madzi omwe. Mawa m'mawa ndipitanso, ndikawauze tili awiri.