Kofiira ndi mdzukulu wa ku Joni

Zaka zimene mafoni a mabatani anayamba kutsegula intaneti zinandipeza ku Champhira, ndikuphunzitsa pa sukulu ya pulayimale. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo nditangofika ndinkadandaula ngati anditaya kuthengo. Koma ndinazolowera, mpaka "yewo", zikomo wa kumeneko, anayamba kutuluka yekha pakamwa panga. Nyumba za aphunzitsi zinali zochepa, ndiye ndinkachita lendi kwa bambo ena achikulire, a ng'ombe ndi ngolo, amene aliyense ankawaitana kuti asekuru. Akazi awo tinkati amama. Anali anthu abwino zedi. Mbatata, chinangwa, mkaka wa ng'ombe m'botolo, zonsezi ndinkangozipeza pakhomo.

Netiweki ndiye inali nkhani. Kumene tinkakhalako inkagwira bwino pa chulu chimodzi chachikulu kuseri kwa bwalo la mpira. Ukapitako tikaweruka unkapeza aphunzitsi, anamwino, wapolisi, aliyense dzanja lili m'mwamba ngati akufuna kuyankha funso m'kalasi. Foni iliyonse inkabwera ndi bulawuza yake, kakhomo kolowera pa intaneti. Yanga inali yaulesi wosaneneka. Ukaidina inkayamba kuzungulira, kuzungulira, mayunitsi akupita, kenako n'kukuuza kuti zakanika. Foni imene ija ndinaitukwanapo kangapo, Mulungu andikhululukire.

Tsiku lina mphunzitsi mnzanga wa sitandade 7 anabwera kuchokera ku boma, ku Mzimba, akuyenda monyang'wa. Wokonza mafoni wina pafupi ndi depoti anali atamuikira bulawuza ina. Dzina lake linkativuta, ndiye tinkangoti kofiira, potengera kachizindikiro kake. Anatisonyeza pa chulu pomwepo. Aaa! Kadontho kamodzi ka netiweki, tsamba latseguka kale. Malemba ankakwana bwinobwino pagalasi, osati zoyendetsa chala uku ndi uku kuti umalize chiganizo chimodzi. Kutsogolo kwake kunali timabokosi toikamo masamba amene umawakonda, ukangodina nambala basi wafika. Mayunitsi kankangonyambita.

Sabata isanathe tonse tinali nako. Tinkapatsana pa bulutufu, mafoni awiri atagundanitsa mitu pa desiki ya m'sitafu. Kuchoka kwa ife kanapita kuchipatala, kupolisi, kwa ogula fodya, mpaka kwa abusa amene ankasakirako mavesi. Ahedi athu anakana kwamtuwagalu, amvekere zinthu zopatsana m'njira zimabwera ndi matenda. Patapita masiku ndinawapeza kuseri kwa ofesi akunong'oneza mnzanga uja kuti awaikire, ati n'cholinga choti akafufuze kuopsa kwake. Tinaseka mpaka misozi.

Ine ndinakakonda chomene. Ndinkawerengerako nyuzi, zotsatira za mpira zoti ndikanyoze nazo mlongo wanga, ngakhale zophunzitsa za sayansi zimene buku lathu linang'ambika. Zithunzi sizinkaoneka, m'malo mwake munkangokhala kabokosi kopanda kanthu, koma tonse a pa chulu tinkati ndi mmene kanapangidwira. Chinthu chothamanga chonchi chinganyamulenso zithunzi? Sitinafunse aliyense.

Tsono asekuru ndi amama anali ndi mwana wamwamuna ku Joni. Ku Mzimba zimenezi si zachilendo, pafupifupi khomo lililonse lili ndi wake kumeneko. Koma wawoyu anapita ali kamnyamata, atakangana ndi bambo ake pa nkhani ya sukulu, ndipo sanabwerenso. Anakwatira mkazi wa komweko osauza akwawo, opanda ng'ombe, opanda nkhoswe. Akaimba foni ankayankhula ndi amama okha. Asekuru akamva kuti ndi iyeyo ankanyamuka, ati akaone ng'ombe.

M'mawa wina Loweruka ndikuchapa, amama anabwera n'kukhala pa mtondo. Kenako anati, "Asambizgi, ku Joni kwabadwa mwana." Asambizgi ndiye aphunzitsi kumeneko.

Ndinakuwa nthungululu, thovu lili m'manja. Iwo sanaseke.

Anandifotokozera kuti kwawoko mwana ndi wa kuchimuna, ndipo dzina amapereka ndi bambo a mwamuna. Mwana wawo uja, ndi kuuma mutu kwake konse, mwambo umenewu sanafune kuuphwanya. Anatumiza mawu kuti adada atchule dzina. Koma asekuru anayankha kuti sangatchule dzina mwana amene sanamuone ndi maso, ndani akudziwa ngati alidi wa magazi awo. Uko akuchikazi anali atatopa kudikira. Ananena kuti mwezi ukatha dzina lisanafike atchula okha, m'chiyankhulo chawo.

"Akatchula iwo, mbwenu mwana wapita," anatero amama. "Ndi wiske wake yemwe, sadzabweranso kuno."

Wiske ndiye bambo ake a mwanayo. Ndinamva chisoni, komanso ndinapsa mtima ndi amuna awiri aakuluakulu olimbana ngati atambala pamene khanda likugona lopanda dzina. Amama anati mnyamatayo waika chithunzi pa tsamba lake la pa intaneti, ndipo anamva kuti foni yanga imatsegula zimenezo. Ndinadziguguda pachifuwa. Ndinati amama, imeneyo ndi ntchito yochepa, kofiira sikalephera.

Kuwanyengerera asekuru kuti apite pa chulu inali ntchito ina. Anavomera mawa lake titachoka ku tchalitchi, atavala jekete ndi chipewa, ndodo m'manja, ngati akupita kukaweruza mlandu. Tinakwera. Ndinatsegula kofiira, tsamba la mnyamatayo linabwera msangamsanga, dzina lake pamwamba, mawu a anzake omuyamikira m'munsi. Pakati pomwe panayenera kukhala mwana panali kabokosi koyera. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti chiyambire sindinaonepo chithunzi chilichonse pa kofiira. Thukuta linayamba kutsika.

Asekuru anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye mwanayo ndi ameneyu?"

Ndinayesa bulawuza yakale ija. Inazungulira mwa masiku onse n'kufa. Tinabwerera kunyumba. Lachitatu tinapitanso, nditadzaza mayunitsi poganiza kuti mwina vuto ndi limenelo. Kabokosi komweko. Ulendo uno asekuru anaseka, koma kuseka kosakoma.

"Mwaona, asambizgi? Akubisa. Munthu wa chilungamo sabisa nkhope ya mwana. Ine pa chulu pano sindidzabweranso, si ine chiswe."

Ndinawauza kuti cholakwa ndi foni, osati mwana wawo, koma anali atatembenuka kale. Amama anatsalira m'mbuyo akupukuta m'maso ndi chitenje. Ndinkafuna kuiponya foniyo m'munda mwa chimanga.

Kumathero kwa sabata imeneyo ndinakwera matola kupita ku boma kukagula zofunika pa nyumba. Tinapanikizana kumbuyo kwa pikapu, matumba a nyemba pansi, nkhuku pamiyendo ya munthu wina. Pafupi nane panakhala namwino wina wogwira ntchito ku Euthini, koma kwawo ku Dedza, ndiye Chichewa chathu chinagwirizana msanga. Titayandikira tawuni netiweki itadzaza, anatulutsa foni n'kuyamba kundionetsa masitayilo a madiresi. Ndinayang'anitsitsa. Kanali kofiira komweka, zithunzi zili mbee!

"Anzanga, kanu n'kamtundu wanji?" ndinamufunsa.

Anatenga foni yanga, n'kudina apa ndi apo, n'kundisonyeza mzere wina m'kati mwa zosintha. Zithunzi zinali zozimitsa, ndipo anaziyatsa pomwepo. Anati wokonza mafoni wa pa depoti uja amazimitsira aliyense, chifukwa zithunzi zimadya mayunitsi ndipo anthu ankabwerera kukamukalipira. Mnzanga wa sitandade 7 anatenga kozimitsa, ndipo aliyense akamaikira mnzake ankakonza m'kati mofanana ndi kake, kuopa kuononga. Champhira yense ankayenda ndi mabokosi oyera, tikumatamanda liwiro! Safunsa anadya phula. Tinaseka mu pikapu muja mpaka wa nkhuku uja anafunsa ngati tamwa.

Chithunzicho ndikanatha kuchitsegula pomwepo m'tawuni. Chala chinafika pa batani, koma ndinaleka. Ndinaona kuti si bwino mlendo wa lendi aone mwanayo eni ake asanamuone.

Vuto linatsala kuwakweza asekuru pa chulu kachitatu, mwezi nawo unali kumapeto. Amama anayesa, anakanika. Ndiye ndinapita ndekha kukhola m'mawa akumasula ng'ombe. Ndinagwada mwaulemu, koma pakamwa sindinagwade.

"Asekuru, ine ndine mwana wanu, mundikhululukire. Inu ng'ombe ikasowa mumaisaka kawiri n'kusiya?"

"Ng'ombe ndi ng'ombe," anatero.

"Nanga mdzukulu ndi wochepa kuposa ng'ombe? Tiyeni kamodzi kokha. Mukaona bokosi, mundithamangitse pa nyumba pano."

Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu. "Achewa pakamwa!" Koma madzulo ake ndinawaona akutuluka ndi jekete lija.

Pa chulu tinapeza anthu angapo, ndipo ataona akuluakulu anapatuka n'kuima chapatali. Netiweki inali kadontho kamodzi. Ndinatsegula tsamba lija. Kabokosi kanabwera, kenako pamwamba pake panaoneka kamzere ka mtundu. Chithunzi chinayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera kumwamba, mzere ndi mzere. Ndinawapatsa foni asekuru, amama atasuzumira paphewa pawo.

Poyamba panaoneka khoma la njerwa ndi waya woyanikapo zovala. Kenako tsitsi. Asekuru anayandikiza foni kumaso. Chipumi chinatuluka, koma chinali chachikulu, si cha khanda ayi. Tonse tinali titaiwala kuti mwana wa masabata sangadzijambulitse yekha, wina ayenera kumunyamula. Maso anabwera, mphuno, kenako ndevu. Anali mwana wawo, ataimirira, akuyang'ana ife.

Amama anagwira pakamwa. Chithunzi chinaima pa mapewa, netiweki ikupuma, khanda lisanaoneke n'komwe. Ine ndinayamba kupepesa, ndikuti dikirani pang'ono, kuona maso a nkhono n'kudekha. Asekuru sanandimve. Anali atavula chipewa. Chala chawo chokhakhala chija chinkasisita galasi la foni pamene panali tsaya.

"Wamera mwembe," anatero chapansipansi, kutanthauza ndevu. Kenako anafunsa akazi awo, "Kodi akudya bwino uyu? Wawonda chomene."

Ine misozi inali italengeza, ndipo sindinachite nayo manyazi. Munthu amene anachoka pakhomo ali kamnyamata anali atasanduka bambo, bambo ake osaona.

Asekuru anakhosomola, n'kutchula dzina. Analitchula momveka, kawiri, kuti ndi oima patali aja amve.

"Mwanayo simunamuone," anatero amama.

"Ndaona wanga," anayankha. "Amene wanyamulayo ndi wake, ndiye ndi wanga. Asambizgi, muimbireni. Ndimuuze ndekha."

Foni zathu zija sizinkatha kuchita ziwiri nthawi imodzi. Kuti ndiimbe ndinayenera kutseka kofiira, chithunzi chili pa mapewa pomwepo. Ndinawauza zimenezo, ndikuti mwina tidikire kaye chimalize. Anakana ndi dzanja. Ndinatseka, n'kuimba nambala imene amama anandiuza, n'kuwapatsa. Foni inaitana, ndipo uko kutayankhidwa, asekuru anatembenukira kumbali, n'kunena kuti, "Ndine wuso," ndine bambo ako. Ife tinatsika pa chulu kuti ayankhule okha.