Galu Wovuula Chinangwa

Fungo la chinangwa choviika likandipeza, ngakhale lero ndili ndi imvi, ndimakumbukira Chibweya. Anali galu waubweya wautali, wofiirira ngati uchi. Anatisiyira ndi mzungu wina wa paloji yogona alendo pomwe Ada, bambo anga, ankagwira ntchito yophika, mzunguyo pobwerera kwawo.

Ama akaviika chinangwa cha kondowole m'dziwe la kuseri kwa nyumba, iye ankadumphiramo n'kumachivuula chimodzichimodzi. Ankadzachiika pamapazi pawo osachiluma n'komwe, uku akugwedeza mchira.

"Galu wanuyu atigonetsa ndi njala," Ama anadandaulira Ada. "Kuuwa sauwa, ntchito kuba basi."

Ine ndinakhulupirira kuti ndi wakubadi. Tsiku lina nditamupeza chinangwa chili kukamwa, ndinamugenda ndi mpini wa khasu. Unamumenya mwendo n'kugwera m'dziwe. Analira kamodzi kokha. Kenako analowa m'madzimo, n'kubwera akutsimphina, ali chinyowere, kudzandipatsa mpini uja.

Ndinali nditakula kale pomwe ndinamva kuti agalu amtundu umenewu anabadwira kutola zogwera m'madzi. Chibweya sankaba ayi, ankatibwezera zomwe ankayesa kuti tataya.