Ine Ndinalowa m'Chikuta

Mpaka lero pamudzi pano amandiloza chala kuti ndine mwamuna uja analowa m'chikuta. Eya, ndinalowa. Sukulu sindinapite nayo patali, koma makutu ndili nawo.

Mwana wanga wamkazi, chitsiriza, anachira mwa opaleshoni ku Zomba. Mwamuna wake ali ku Joni, ndiye okamutenga tinali ine ndi akazi anga. Potitulutsa, anamwino ananena tonse tikumva: bala likhale louma, lisakhudzidwe, mayiyu asanyamule kanthu. Ine ndinamva. Akazi anga anangoti "chabwino" maso ali pa katundu.

Titatsika minibasi pa Songani n'kufika kumudzi, tinapeza alamu anga, akulu awo a akazi angawo, atasesa kale m'nyumba.

"Alamu, inu mwathera pakhomo pano mpaka mchombo ugwe."

Sindinatsutse. Ndine mkamwini, imvi zandimerera pamudzi pa eni, mwambo ndimaudziwa.

Kutacha, ndikusema mpini pansi pa mango, ndinaona ndowa yofuka nthunzi ikulowa m'nyumbamo. Posakhalitsa kunamveka kulira. Osati kwa khanda, ayi. Kwa mwana wanga.

"Ababa! Ababa ndikufa ine!"

Ndinaponya kasemasema n'kukankha chitseko. Amayi ake amugwira mapewa, alamu anga akufinya nsanza m'madzi otentha n'kumaidinikiza pamimba, pa ulusi penipeni! Pambali chitenje chopota chili chire, choti amumange nacho mimba ibwerere.

"Aaa! Mwamuna m'chikuta? Tulukani, mumudula mwanayu!"

"Mukuchita chiyani?"

"Tikumuthowa, magazi oipa atuluke. Tonsefe tinathowedwa, tinafa?"

"Inuyo anakung'ambani ndani? Ndionetseni pamene anakusokani!"

"Tamverani nkhalambayi! Mimba munaitengapo liti inu?"

"Abambo, mukutichititsa manyazi," anatero akazi anga.

Manyazi! Nsanza ili yofiira, iwo akuwerenga manyazi. Ndowayo ndinaimenya theche madzi n'kumwazikira kukhonde. Mawu anga ndi aakulu chibadwire, kutchalitchi ndikayamba nyimbo safuna belu, ndipo tsiku limenelo anandimva mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Domasi. Anthu anadzaza pabwalo. Palibe ngakhale mmodzi anafunsa kuti mayiyo ali bwanji. Onse pakamwa panali pamodzi: walowa, walowa.

Ndinathamangira kumsewu ndi mawondo angawa, n'kuimitsa kagalimoto konyamula tomato. Kuchipatala anapeza bala latseguka mbali imodzi, khungu lasupuka. Anamusokanso n'kumugoneka. Anamwino anandiuza kuti tikanachedwa likanachita mafinya mpaka m'kati. Anawonjeza kuti woyamwitsa azidya zopatsa mphamvu, azimwa madzi ambiri, ndipo khasu aliiwale kaye.

Ine sindikunyoza kuthowa. Amayi anga anathowedwa, akazi anga anathowedwa, anadzuka amphamvu. Koma munthu wosokedwa ngati thumba la fetereza, mungamuthire madzi owira? Mwambo ulibe maso kodi?

Atabwerako, mpando wanga ndinauika pakhomo pake. Ndowa yolowa ndinkayamba ndaviikamo chala. Kumjigo ndinkapita ndekha, azimayi akuseka. Asekeni, mano ndi awo.

Ndiye mlandu unabwera. Amalume ake a mwana wangayo, eni mbumba, anandikhazika pansi pamaso pa abale.

"Alamu, mwaswa chikuta. Mupereke nkhuku, tikonze pamudzi."

"Nanga amene anaswa mimba ya mwana wanga apereka chiyani?"

Wina kuyang'ana kumwamba, wina kutokosa pansi.

Nkhuku ndinaigwiradi, tambala wanga wofiira. Ndinamupha pabwalo onse akuona, ndinasosola ndekha, ndinaphika ndekha, mchere n'kuthira ndekha. Kenako mphika wonse ndinakautula pamphasa pa mwana wanga. Anadya chiwindi, anadya ntchafu, msuzi n'kumwa ndi kapu, khanda lili kubere. Amalume akewo anamva fungo lokha.

Bala linapola, ngakhale chipsera chake n'chokhota ndipo kukazizira amadandaula nacho. Alamu anga othowa aja sanapepese, ndipo moni wanga sayankha. Asayankhe.