Kompyuta ya Mitala

Kompyuta yathu ku Eriya 25 inali ya mitala. Dzina limeneli ndinaipatsa ndine, ndipo amuna anga ankaseka nalo, osadziwa kuti ine sindinkaseka. Anaigula kuntchito kwawo pamene ankagulitsa makina akale, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ukaiyatsa, inkayamba yakufunsa kaye kuti ulowera mbali iti mwa mbali zake ziwiri, ku Windozi kapena ku Linakisi.

Ku Windozi kunali kwanga. Kumeneko ndinkataipa makadi a ukwati, mapulogalamu a zinkhoswe ndi nyimbo za kwaya ya amayi. Ku Linakisi kunali kwa bambo a mwana. Kunali kwakuda bii, timalemba toyera tokhatokha, ndipo kunkafuna mawu achinsinsi amene ine sindinauzidwe. Akaweruka ankakhala kumeneko mpaka chakudya kuzizira. Munthu amene ine ankandiyankha ndi mphuno, ndinkamuona akumwetulira sikirini. Zinkandiwawa, ndisaname.

Nyengo ina magetsi anavuta kwambiri, kuthima, kuyaka, kuthimanso, mpaka mbali yanga inadwala. Ndikamataipa, zonse zinkangouma, kenako sikirini yabuluu. Amuna anga anati palibe kuchitira mwina, Windozi iyenera kufufutidwa n'kuikidwanso yatsopano.

"Sidi yake ili ndi mnzanga wa kuntchito," anatero. "Abwera Loweruka adzatithandize."

Ine ndinkadikira bambo wa magalasi ndi kamimba. Loweruka m'mawa kunja kunaima galimoto, ndipo munatsika mayi wovala thalauza, atayendetsa yekha kuchokera ku Eriya 47. Anali wakwawo kwa amuna anga, ku mpoto. Asanalowe n'komwe m'nyumba anali atayamba kale Chitumbuka, ine mwana wa ku Ntcheu ndangogwira chitseko.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anandipatsa moni, manja awiri, mwaulemu wake. Ndinafunafuna pomupezera chifukwa, osapapeza.

Anayamba ndi kusamutsira ntchito zanga m'madisiketi kuti zisatayike. Atatsegula khadi lina la ukwati anati, "Eee, alamu, muli ndi dzanja. Maluwa awa mwawaika bwino." Mwina ankanena zoona. Ine ndinamva ngati mphunzitsi akuyamikira mwana wa sitandade wani.

Kuika Windozi ndi ntchito yodikira. Umaika sidi, umayankha timafunso, kenako umangoyang'ana kamzera kakukwawa pa sikirini. Awiriwo anakhala pa mipando yogundizana, mapewa pafupi, akucheza m'Chizungu chosakaniza ndi Chitumbuka, mawu a makompyuta ali mbwee pakati. Amuna anga ankaseka mpaka kumenya tebulo. Ine ndinalowa ndi tiyi. Ndinalowanso ndi shuga amene anali kale pa thireyi. Kenako ndinabwera kudzapukuta shelefu yomwe ndinali nditapukuta m'mawa. Palibe anandithamangitsa, komanso palibe anandisunthira mpando.

Itatha ntchitoyo anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Funso lija silinabwere. Makina anangolowa ku Windozi tchuu, ngati mbali inayo sinakhalepo chiyambire. Amuna anga anazimitsa, n'kuyatsanso. Chimodzimodzi. Nkhope yawo inagwa ngati amva uthenga wa maliro.

Ine mumtima munali nthungululu. Ndinachita kudziluma mlomo kuti zisaonekere.

"Ndiye kuti mkazi wamng'ono wapita kwawo?" ndinafunsa, mawu ofatsa bwinobwino.

Mayi uja anaseka. "Sanapite, alamu. Windozi ikamalowa imafufuta funso lija, imadziona ngati ili yokha m'nyumba. Winayo alipo, wangotsekeredwa kuchipinda. Timutsegulira pompano."

Anapisa m'chikwama chake, n'kutulutsa disiketi imodzi yomwe anabwera nayo dala. Anali akudziwa kuti zitero. Anayatsira makinawo pa disiketiyo, ndipo mdima wa ku Linakisi unabwerera. Kompyuta itafuna mawu achinsinsi, sanatembenuke kufunsa mwini wake. Zala zake zinangothamanga pa kiyibodi, khomo n'kutseguka.

"Mawu olowerawo mumawadziwa?" ndinafunsa. Ndinamva ndekha kuti mawu anga auma.

"Ndine ndinawaikira zimenezi ku ofesi," anayankha, maso ali pa sikirini. "Achimwene angawa ndi aulesi, sanasinthe mpaka lero." Anawatchula achimwene ake mwanthabwala, ndipo amuna anga anaseka.

Ndinaika kansalu kopukutira pansi, n'kuima kumbuyo kwawo. Ndinati lero ndione chomwe chimabisidwa kumeneku. Ndinkayembekezera zithunzi, kapena mawu okoma olemberana. Munalibe. Munali mizere ya malemba ndi manambala, yopanda mutu kwa ine. Mayi uja analoza mzere wina, amuna anga anagwira pamutu n'kunena kuti, "Aaa, ndiye chifukwa chake!" Onse awiri anaphulika kuseka. Ine ndinayang'ana mzere womwewo mpaka maso kuwawa.

Zikanakhala zachibwenzi ndikanadziwa chochita. Ankhoswe analipo, ku Biwi kokha kuno, ndipo nkhani zotero amazidziwa poyambira. Koma munthu upita kwa ankhoswe kukanena kuti chiyani? Kuti amuna anga amaseka ndi mayi wina pa chinthu chimene ine sindichimva? Nsanje yanga inalibe poigwira, ndipo chimenecho n'chimene chinkandipsetsa mtima koposa.

Funso lija analibwezeretsa. Asanatseke, mayiyo anati kwatsala chinthu chimodzi.

"Munthu akayatsa n'kuchokapo osasankha, makina amadzisankhira okha. Ndiye ndiike kuti azilowera mbali iti?"

Ndinayang'ana amuna anga. Ine ndi amene ndinkakhala ndi kompyutayo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Ndinali chiimire pambali pawo, pafupi moti akanatha kundikhudza ndi chigongono. Ndinkangofuna atembenuke, basi.

"Inu mukuona bwanji?" amuna anga anamufunsa mayi uja.

Mayiyo anachotsa manja pa kiyibodi. Anayang'ana amuna anga, kenako ine, ndipo ndinaona kuti wazindikira zonse zimene mwamuna wangayo sanazione tsiku lonse.

"Funsani alamu," anatero motsitsa mawu. "Makinawa ndi a m'nyumba mwawo."

Ndinati ku Windozi. Anataipa timawu tingapo, n'kutseka. Anakana chakudya chamasana, akuti ana akumudikira, ndipo ndinamuperekeza mpaka pa galimoto monga mwa mwambo.

Kompyuta ija tinakhala nayo zaka zingapo. Poyamba, m'mawa uliwonse ndikaiyatsa n'kupita kukatereka madzi, ndinkaipeza italowa yokha mbali yanga, ikundidikira. Amuna anga sanadziwe chifukwa chake ndinasiya kuilola kutero. Ndinkaima pomwepo mpaka funso libwere, n'kudina ndekha, kuti ndisalowe m'nyumba mwanga pa chifundo cha mayi wa ku Eriya 47.