Tsiku Limene Bambo Anaseka

Chinthu chija chinali cha mphira wakuda, chonga chikho, cholumikizidwa ndi paipi ku mtsuko wachitsulo. Chinkanunkha ngati tayala la njinga. Ndinachiona kamodzi kokha, kuchipatala, chaka chimene boma linatisamutsira m'mudzi wa ujamaa, wolimira pamodzi mokakamiza, kumtunda kwa Mbamba Bay, kutali ndi bwato lathu.

Bambo anali msodzi wochokera ku Malawi, kutsidya kwa nyanja, ndipo masiku amenewo Mmalawi ankamuyang'ana ndi diso loipa. Choncho anaphunzira kutseka pakamwa. Pamsonkhano ankawomba m'manja, kumunda wa mudzi wonse ankayamba ndi iwo kufika, Chichewa ankangolankhula m'nyumba monong'ona. Chisamukireni anali asanasekepo.

Tsiku lina anagwa padenga akufolera nkhokwe ya mudzi, phewa n'kuguluka. Amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala ndi balozi, bambo woyang'anira nyumba khumi zathu, mnzawo wa pabawo, amene mayi ankamusungira usipa wonona. Ine ndinatsatira nditagwira chitenje cha mayi.

Dokotala anawavundikira mphira uja pamphuno. "Mpweya uwu uchepetsa ululu, mzee. Pumani." Bambo anapuma, maso n'kulemera ngati amwa kachasu. Phewa litabwerera m'malo, mphira atauchotsa, bambo anaphulika kuseka. Anaseka mpaka misozi, akufuula m'Chiswahili chosakaniza ndi chathu: "Msodzi kukalima paphiri! Nzeru za ndani zimenezi? Ine ndipalasa bwato, kwathu ndi tsidya ilo!"

Mayi anawatseka pakamwa ndi dzanja. Balozi anangoyang'ana pansi. Ine ndinkaseka nawo, uku ndikudumphadumpha.

Dokotala uja ndilibe naye mlandu, ankagwira ntchito yake. Amene sindinamukhululukire mpaka lero ndi wa pabawo uja. Ankadziwa bwino kuti munthuyo waledzera ndi mankhwala, komabe mawuwo anawatola onse n'kukawatula kwa akuluakulu. Phewa lisanapole, askari a boma anabwera ndi galimoto n'kuwatenga. Mayi anafunsa mpaka kutauni ya Songea, koma bambo sitinawaonenso.

Dzinja lonselo mayi ankalima akulira, ankasinja chinangwa akulira. Ine, poona kuti sakuleka, ndinawakoka chitenje. "Amayi, tiyeni kuchipatala kuja mukanunkhize mphira uja, inunso museke."

Anandiwomba mbama, yoyamba ndi yomaliza m'moyo wanga. Ndinalira osadziwa chomwe ndalakwa, pakuti kwa ine, m'chaka chonse chija, tsiku labwino linali lomwelo.