Anamukhululukitsa pa wailesi

Ndinali nditaphunzitsa zaka ziwiri ku Chikwa pamene midzi iwiri inamenyana chifukwa cha madimba a m'mbali mwa mtsinje. Bambo wina anatemedwa ndi khasu m'mutu, namwalira asanafike kuchipatala ku Chama. Mkazi wake ndinkamudziwa, ankandigulitsa repu ndi tomato.

Patatha milungu itatu kunabwera galimoto yoyera ya bungwe lina lolimbikitsa mtendere. Munatsika anthu atatu a masikipa ofanana, atanyamula kamakina kojambulira mawu. Anati akukonza pulogalamu ya pa wailesi yoyanjanitsa midzi iwiriyo. Chisenga, chilankhulo cha kumeneko, sankachimva, ndiye anandipempha kuti ndiziwamasulira. Ine, mwana wa m'tauni wodziyesa wodziwa zonse, ndinavomera msangamsanga, n'kuwatsogolera ndekha kwa wamasiyeyo.

Iye anakana. "Aphunzitsi, nkhani iyi si yanga. Eni ake ndi alamu anga, ndipo sanakhale pansi."

"Musaope amayi, mungonena za kumtima kwanu," ndinatero. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo phulalo ndinadyetsa munthu wosalakwa.

Analankhula pafupifupi ola lathunthu. Anati chakudya sichikutsika, dimba lauma, ndipo akaona munthu wa m'mudzi winawo amapatuka njira. Pomaliza anamufunsa ngati angadzakhululuke. Anayang'ana pansi nati, "Akuluakulu akakambirana, kaya, mwina ndingakhululuke."

Lamlungu masana tinatchera khutu ku wailesi. Ola lonse lija analitaya. Anangosiya "ndingakhululuke," kenaka kanyimbo kokoma, kenaka woulutsa akutama mayi wolimba mtima wa ku Chikwa amene wakhululukira opha mwamuna wake.

Kumeneku imfa yotere sakhululuka munthu mmodzi, makamaka mkazi wokwatiwa pamudzi. Abale a womwalira amakhala pansi ndi a mbali inayo, olakwa amapepesa, ndipo nkhani imatha pakamwa pa akuluakulu. Alendo aja sanafunse zimenezi. Inenso sindinafunse, ngakhale mayiyo anandiuza poyera.

Mlamu wake wamkulu anamuitana pabwalo. "Manje magazi a m'bale wathu wawagulitsa pa wailesi? Anakutuma ndani?" Sabata isanathe anamubweza kwawo ku Chifunda. Ana ake awiri anatsala, poti malowolo anaperekedwa ndipo ana ndi a kuchimuna. Ndinapita kwa alamu akewo kukafotokoza kuti mawu anadulidwa. Anandiyankha kuti aphunzitsi ntchito yawo ndi choko.

Ndinaimbira foni mkulu wa gulu lija mwaukali. Anandimvera mwaulemu, kenaka anati, "Pepani madamu, koma pulogalamu ija anthu aikonda kwambiri. Tiibwereza mwezi wonse."

Aikonda ndani? Okhala m'maofesi amene sadziwa ngakhale njira ya kumadimbako? Mpaka lero ndikaganiza ndimapsa mtima. Wailesi ikanatha kuthandiza, akanadikira kuti akuluakulu akambirane n'kuulutsa zimene agwirizana. Koma iwo ankafuna mtendere wakupsa kale, woti anyamule tsiku lomwelo.

Anaibwerezadi. Lachisanu lina titaweruka, mwana wamkazi wa mayi uja, wa giredi faivi, anatsalira pakhomo la kalasi. Anati kwawo abambo ake aakulu aletsa kutsegula wailesi.

"Aphunzitsi," anatero, "Lamlungu ndingabwere kwanu? Ndikufuna ndidzamveko mawu a amayi."